Matayirodi a Apongozi Anga

Sitali, tabwera nayo kuno foniyo ndione. Ayi, usandikankhire kumaso ngati ukundimwetsa mankhwala, ndikuona bwinobwino. Ndiye izi ndi zimene ukufuna kugulira chigalimoto chako chakale chija, chimene chagona pabwalo panga miyezi yonseyi? Zofiira psuu, zowala waliwali. Wazigwirako? Sunazigwire. Wangoona chithunzi, mtima dyokodyoko, chala chili kale pa batani. Koma ana inu! Iwenso Misozi leka kuseka mlongo wako, nsapato unaitanitsa pa foni zija zinabwera zokwana chidole. Takhalani pansi nonse, ndikuuzeni mmene zitsulo zowala zinatsalira pang'ono kundilanda agogo anu aakazi.

Ine kuno ku Livingstone sindinabadwireko. Ndinachoka kwathu ku Katete ndili mnyamata, dziko litangolandira ufulu, pa lole mpaka ku Lusaka, kenako pa sitima. Sitima ya masiku amenewo inkayendera malasha, ndipo ukamatulutsa mutu pawindo unkafika uli bii ngati wogulitsa makala. Ndinatsika ndi kasutikesi kamalata, m'menemo muli malaya awiri ndi nsinjiro zimene amayi anandimangira m'kansalu. Mwezi woyamba ndinkamva mkokomo chakum'mwera, ine n'kumathamanga kukaanula zovala pachingwe, ndimvekere mvula ikubwera. Aneba ankangondiyang'ana. Tsiku lina mayi wina anandimvera chisoni nati, "Iwe wakum'mawa, iyo si mvula iyayi, ni madzi ya ku mathithi." Mukuseka? Inu mungasiyanitse pulagi ndi batire inu?

Ntchito ndinaipeza ku Libuyu, kwa mkulu wina Mtonga wobadwira m'tauni momwemuno, dzina lawo Ba Muleya. Iwowa anagwirapo zaka zambiri m'galaja ya azungu, kenako n'kutsegula yawoyawo. Ndikati galaja musaganize za nyumba ya magalasi yokhala ndi makina onyamula galimoto m'mwamba. Unali mtengo wa mango, dzenje lokumba ndi khasu, jeke mmodzi wodontha mafuta, ndi masipanala osungidwa m'chitini. Nkhomaliro yathu inali mabanzi awiri ndi madzi a shuga. Nyengo ya mango tinkangotola amene agwera pa bonati ya kasitomala.

Ba Muleya anali ndi kaphunzitsidwe kawokawo. Akakupatsa chitsulo ankati, "Tsinzina. Maso ni yabodza, yakonda penti. Gwira na manja." Sipuling'i ankaimenya ndi hamala: yabwino imalira ngwee, ya mng'alu imangoti phu. Bushi, kamphira kamene kamakhala pakati pa zitsulo kuti zisadyane, ankaidinda ndi chikhadabo. Ikabwerera msanga ndiye kuti idakali moyo, ikasunga chidindocho yafa, taya. Koma chimene ankachiopa kuposa zonse ndi tayirodi.

Misozi, ukuyang'ana kudenga, ndadziwa sukuidziwa. Tamvera. Ukapotoza chiwongolero, pansipo pali ndodo yachitsulo imene imakankha tayala kuti likhote. Kumapeto kwa ndodoyo kuli kampira kachitsulo kokhala m'kachikho, monga fupa la m'chiuno mwa mbuzi lija mumalimbirana patebulo. Imeneyo ndiyo tayirodi. Yabwino, ukaigwira n'kuizunguza, imakhala yolimba koma imayenda myaa mbali zonse, osakodwa pena paliponse. Ikatha, kampirako kamagwedera, ndipo tsiku lina pa bampu kamangosolokamo. Pamenepo chiwongolero uli nacho m'manja, koma tayala lapita kumene lafuna lokha. Injini ikafa umatsika wekha n'kukankha, koma tayirodi ikasoloka okutulutsamo amakhala anthu ena. Ine ndinaziona zimenezi ndi maso angawa pa msewu wopita ku Zimba, ndipo sindifuna kuzikamba muli pafupi kudya.

Ndiye kunabwera zaka zija za chipani chimodzi, malire a pamlatho wa Zambezi n'kutsekedwa, zinthu n'kusowa. Inu mukadandaula kuti m'sitolo mulibe yogati wa sitiroberi ndimangokuyang'anani. Ife tinkangoona mzere n'kuimapo, kufunsa kuti kodi akugulitsa chiyani tinkafunsira kutsogolo, kaya sopo, kaya mafuta ophikira. Zipangizo za galimoto ndiye zinachita kutheratu, m'mashelefu munangotsala fumbi ndi kalendala. Mabushi tinkasema tokha ku matayala akutha a lole, ndi mpeni woviika m'madzi. Ankalimba ndithu, ngakhale galimoto inkayenda mouma ngati ngolo. Pamenepo panalibe chinyengo, chifukwa mwini wake ankaona tikusema.

Koma kunalinso akamberembere. Iwowo ankatola matayirodi akutha ku sikirapu, n'kutsegula kachikho kaja, n'kukomeramo chilichonse chopyapyala kuti kampira kasagwedere, n'kumenya m'mphepete ndi hamala mpaka kulimba. Penti pamwamba, girizi pang'ono, m'bokosi. Ukaiona unkati yatsika m'ndege lero lomwe. Inkayenda sabata ziwiri, ikachita mwayi zitatu.

Tsopano ndikuuzeni za Ng'ona. Sindikunena ya mu Zambezi ayi, ndikunena galimoto. Inali yobiriwira, ya zitseko ziwiri, mphuno yaitali yoti ungagonepo osapinda miyendo, injini ya mapulagi asanu ndi atatu. Tauni yonse inkaitchula kuti Ng'ona. Ikalira ku Dambwa, agalu a ku Linda ankayankha. Amene anaipanga anaipangira mpikisano pa misewu yosalala ya kwawo, mchenga wa kuno sanaulote n'komwe. Ndipo iwe Sitali umve apa, chifukwa chako chija n'chimodzimodzi: galimoto yaliwiro ya injini yolemera imadya zitsulo zakutsogolo kuposa galimoto wamba. Chitsulo chimene chingapirire pa kagalimoto ka abusa, pa yoteroyo sichichedwa kulira.

Mwini wake wa Ng'ona anali Ba Mubita, Mlozi wa ku Sesheke, kalaliki wamkulu ku njanji, mkulu wa mpingo, munthu wovala tayi ngakhale mu Okutobala pamene abuluzi omwe amafuna mthunzi. Anaigula kwa mzungu wina amene anamanga katundu kuwoloka mtsinje ufulu utabwera. Banja lonse linkalowa kumbuyo chokwawa, atapinda mpando, amayi ndi ana ndi mabasiketi, iwo ali kutsogolo chigongono pawindo. Galimoto imeneyo inkakonzedwa kwathu ku Libuyu, ndipo amene ankabwera ndi uthenga wakuti tikaitenge anali mwana wawo woyamba, Namakau, amene ankatayipa mu ofesi ya boma.

Eya, agogo anu omwewa. Musatembenuke nonse nthawi imodzi, angadziwe kuti tikuwanena. Tsiku loyamba anafika pa njinga, ine ndikutuluka m'dzenje, nandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndimwe ba makanika? Nanga girizi muika ku motoka olo ku nkhope?" Kuyambira tsiku limenelo tcheni cha njinga yawo chinayamba kuduka kawirikawiri modabwitsa, ndipo chinkadukira pafupi ndi mtengo wathu wa mango nthawi zonse. Mukawafunsa akana.

Patapita chaka, Ba Muleya anavala jekete n'kupita ku Dambwa kukagogoda, monga ankhoswe anga, poti abale anga anali kutali. Ba Mubita sanavomere, sanakanenso. Anangoti, "Tamva. Nizakamba na abale ku Sesheke pa Khirisimasi." Koma za kuseri zinandipeza, kuti mkuluyo sankakondwa. Mwana wake wodziwa kutayipa akwatiwe ndi wakum'mawa wodya mbewa, wopanda ng'ombe ngakhale imodzi, wa zikhadabo zakuda? Choncho moyo wanga wonse unali pa ulendo wa ku Sesheke umenewo. Ndinkawerenga masiku ngati mkaidi.

Kutatsala sabata ziwiri, Ng'ona inafika pansi pa mango ikuyenda mokhotakhota. Ba Muleya kunalibe, anali atapita ku maliro ku Kalomo, ndipo maliro a kumudzi sathera tsiku limodzi. Ba Mubita anatsika atanyamula kabokosi ngati anyamula khanda.

"Iwe mnyamata, motoka yayamba kuyenda monga yakolewa. Nagula visulo vanyowani, vochoka kunja. Anthu onse avutika kufuna, ine napeza." Anatsegula bokosilo pang'onopang'ono. Munali matayirodi awiri akuda, owala ngati nsapato za wapolisi. "Munthu wake ananisungira ine neka. Mangamo bwino, nifuna kuyenda nayo ku Sesheke na banja."

Ana inu, apa simungamvetse msanga. Inu a masiku ano apongozi anu mumawatumizira tizithunzi toseka pa foni, mumadya nawo mbale imodzi, mwinanso kuwatsutsa za mpira. Ife ayi. Munthu amene ukufuna mwana wake sunkaima naye chilili. Unkanyonyomala, n'kuomba m'manja monga amachitira Alozi, maso pansi. Nsapato za Ba Mubita ndinkazidziwa bwino kuposa nkhope yawo. Ukakhala ndi mawu ovuta unkawapatsira ankhoswe, iwo n'kukawafewetsa. Kumuuza mkulu woteroyo pamaso kuti bambo, akupusitsani? Bola kukagwira mchira wa ng'ona yeniyeni.

Ndinalandira bokosilo ndi manja awiri. Iwo atapita, ndinatsinzina monga anandiphunzitsira, n'kuzunguza tayirodi yoyamba. Mbali ina gwa, mbali ina lobodo. Ndinayendetsa chala m'mphepete mwa kachikho, ndipo pansi pa penti ndinamva timabala ta hamala, tondondozana ngati mano a mbewa pa chinangwa. Yachiwiri chimodzimodzi. Ndikamangamo, galimoto ija ikathera m'tchire, Namakau ali m'kati. Ndikakanena, ndachititsa manyazi munthu amene wauza kale tauni yonse kuti wapeza zimene ena alephera, ndipo ukwati wathera pomwepo. Ndinakhala m'mphepete mwa dzenje mpaka mabanzi anga anadyedwa ndi nyerere.

Ndiye ndinaganiza nzeru, imene panthawiyo ndinkaiona ngati nzeru. Ku Linda kunali mayi wina wamasiye amene kuseri kwa nyumba yake kunali galimoto ya mtundu womwewo. Injini yake inafa galimotoyo idakali yatsopano, malemu amuna ake n'kuikankhira kumeneko, ndipo inasanduka khola la nkhuku. Ndinapita ndi masipanala. Mayiyo anati, "Tengani vimene mufuna, koma munikonzereko chitseko cha ku khitchini, na nkhuku zanga musazidzidzimutse, zili pa mazira." Ndinakwawira pansi, m'zitosi, tambala akundijompha msana. Matayirodi ake anali ofiira ndi dzimbiri kunja, onyansa kuwaona. Koma nditawamasula n'kutsinzina, ha! Ankayenda myaa, olimba mbali zonse, olemera m'manja. Analinso ndi kabowo kopoperamo girizi, kamene zitsulo za masiku ano zilibe, n'chifukwa chake mumangogula chaka ndi chaka. Chitsulo chokhala ndi kabowo kameneko ukamachidyetsa chimakalamba nawe.

Ndinawatsuka ndi palafini, ndinawapopa girizi, ndinamanga pa Ng'ona. Ndinasemanso mabushi atsopano, n'kuwongola matayala ndi chingwe, poti makompyuta anu aja kunalibe. Galimoto inayenda chilunjikire ngati yajambulidwa ndi rula. Nanga bokosi lija? Kutaya ndinaopa, si langa. Kubweza ndinaopa, andifunsa. Ndinakalikankhira kunsi kwa bedi m'kachipinda kanga, ndimvekere ndidzaona pobwera Ba Muleya. Misozi, usagwire kumutu, ndikudziwa. Chikondi chimachotsa nzeru, udzaona wekha.

Masiku atatu Ba Mubita anayenda mokondwa. Ku njanji anauza anzawo, ku msonkhano wa akulu a mpingo anauzanso, kuti zitsulo za kunja n'zina ndithu, chiwongolero chikuchita kumvera chala chimodzi. Loweruka m'mawa anatsuka galimoto yawo, ndipo itauma anayala thumba pansi, n'kugona chagada ndi tayi yemwe, kuti asirire zitsulo zawo zowala. Anapeza dzimbiri. Pa nati imodzi panali patamatirira nthenga ya nkhuku.

Ndinamva Ng'ona ikulira kuchokera kutali, ndipo kaliridwe kake kanandiuza kuti lero kulibe mtendere. Anaimika pakhomo pa kachipinda kanga, aneba onse n'kutuluka. Ine ndinanyonyomala, n'kuyamba kuomba m'manja.

"Leka kuomba! Visulo vanga vili kuti?"

Ndinalowa, ndinakoka bokosi kunsi kwa bedi, ndinatuluka nalo. Taganizani mmene zinaonekera. Katundu wosowa m'dziko lonse, akutuluka kunsi kwa bedi la makanika. Masiku amenewo munthu wobisa katundu anyamata a chipani ankamuyendetsa m'misika atamusenzetsa katunduyo pamutu.

"Kansi ndiwe kawalala," anatero, mawu ali pansipansi. "Unafuna kugulitsa, ine unipatse va m'khola. Kamba!"

Apa ndiye panali pokambira. Pakamwa panatseguka, koma ndinaona aneba ali ndwii, ndinaganiza zowauza bambo aulemu wawo pamaso pa anthu onsewo kuti anagula zinyalala, ndipo chimene chinatuluka n'chakuti, "Pepani, bambo." Basi. Pepani! Wakuba aliyense amanena zomwezo.

Anandilanda bokosilo. "Ku polisi sinikupereka, chifukwa cha Ba Muleya. Koma ku nyumba kwanga usakapondeko, na dzina la mwana wanga ulichotse pakamwa. Lolemba nizapereka motoka kuli makanika wina amangemo visulo vanga." Analowa m'galimoto, fumbi koboo. Ndinatsala chinyonyomalire. Mtima unandipweteka, ana inu, sindikubisirani. Mkazi ndamutaya, dzina ndalitaya, ndipo zitsulo zija zikubwerera m'galimoto momwe ndinazikaniza.

Dzuwa lisanapendeke, njinga inaima pansi pa mango. Tcheni chinali chabwinobwino tsiku limenelo. Namakau sanatsike n'komwe, anangoponda phazi limodzi pansi.

"Imwe ba Zakeyu, nikufunsani kamodzi chabe. Munaba?"

"Sindinabe."

"Manje?"

Ndinafotokoza zonse, timabala ta hamala, khola la nkhuku, mpaka za tambala. Ndinkayembekeza kuti andimvera chisoni. Chisoni chake chiti! Maso anachita kufiira.

"Ndiye munaona kuti visulo vingatiphe, imwe n'kukhala chete? Na lero mwawaleka ayende navo? Mufuna nikafere mu mchenga chifukwa imwe muli na ulemu?"

"Nanga ndikanawauza bwanji bambo anu kuti..."

"Na pakamwa! Ili pansi pa mphuno apo ni chani? Mailo tikachoka ku tchalitchi mubwere ku nyumba. Mubwere na chodulira visulo."

"Andiletsa kupondako."

"Ine sininakuletseni."

Lamulungu masana ndinayenda wapansi kuchoka ku Libuyu mpaka ku Dambwa, macheka odulira zitsulo ndawakulunga m'nyuzipepala. Ndinapeza Ba Mubita ali pakhonde ndi zovala za kutchalitchi, akumwa tiyi, amayi ake a Namakau ali pamkeka chapambali. Atandiona anaika kapu pansi. Asanayankhule, Namakau anatuluka m'nyumba ndi bokosi lija, nagwada patsogolo pawo, naomba m'manja mwaulemu wonse.

"Bo Ndate," ndiye kuti bambo m'Chilozi, "uyu munthu ali na mawu. Ngati ni wabodza, ine neka nizamupirikitsa."

Onse anayang'ana ine. Ndinayang'ana pansi, ndinakoka mpweya, n'kunena mawu amene sindinaganizepo kuti ndingawanene kwa munthu wamkulu.

"Bambo, zitsulo izi si zatsopano. Anakugulitsaniyo anakunamizani. Ndi zakutha, anangozimenya ndi hamala n'kupaka penti. Mukalola ndidule chimodzi muone m'kati."

Ba Mubita anayankhula mosathamanga.

"Dula. Koma ukapeza mukati muli bwino, unyamule sutikesi yako ubwerere kwanu ku mbewa."

Panalibe pomangira chitsulocho kuti chisasunthe. Ndinachiika pa sitepe ya khonde, ndipo agogo anuwa anachiponda ndi nsapato yawo yoyera ya kutchalitchi. Ndinayamba kucheka. Kwee, kwee, kwee. Macheka anali obuntha, dzuwa lili pamutu, thukuta likugwera pa chitsulo. Ndili pakati mantha anandigwira: nanga ngati zala zandinamiza? Nanga ngati ichi chokha n'chabwino? Ndinkadziwa ntchito yanga, koma tsiku limenelo ndinakayika ngakhale dzina langa. Ndinachekabe mpaka kachikho kanagawanika.

Kampira kanagwa pansi, kodyekadyeka mbali imodzi ngati siwiti yoyamwa mwana. Pambuyo pake panagwa kanthu kena kopyapyala, kophwanyidwa ndi hamala, n'kugubuduka mpaka pa phazi la Ba Mubita. Anawerama, anakatola, anakapukuta girizi ndi chala. Zilembo zinkaonekabe. Chinali chitsekerero cha botolo la mowa.

Mkulu wa mpingo, munthu amene mowa sankafuna ngakhale kuununkhiza, anali atauza tauni yonse za chitsekerero cha mowa! Amayi ake a Namakau anayesa kudzigwira, anatseka pakamwa ndi chitenje, koma mapewa anawaulula. Kenako anangodzuka kuthawira kukhitchini, ndipo tinamva kuseka kukuphulikira kumeneko pamodzi ndi mapoto. Ine sindinaseke. Ndinkafuna nthaka itseguke, chifukwa manyazi a mkulu uja ndinawamva ngati anga.

Ba Mubita anayang'ana chitsekererocho nthawi yaitali. Kenako anati, "Pita." Mawu amodzi okhawo.

Ndinapita. Lolemba kunali zii, Lachiwiri zii. Njinga sinadutse. Ba Muleya anabwera kuchokera ku maliro, ndinawafotokozera, iwo anangogwira chibwano n'kunena kuti, "Visulo unasankha bwino. Vinangu vonse unasankha monga mbuzi." Ndinayamba kuganiza zoti mwina kwathu ku Katete nakonso kuli magalimoto ofuna kukonza.

Lachitatu m'mawa Ng'ona inaima pansi pa mango, injini osazimitsa. Ba Mubita anatsegula chitseko cha mbali inayo. "Kwera." Ndinayang'ana ovolosi yanga ya girizi, ndinayang'ana mpando wawo wachikopa. "Nakamba kuti kwera."

Tinatuluka m'tauni kulowera msewu wa ku Sesheke. Kumene phula linali litakumbika, m'malo mochepetsa liwiro anawonjezera. Ng'ona inabangula, mitengo n'kumangodutsa ngati mipanda. Mabampu onse amene munthu wanzeru amawazemba, iwo ankawalunjika dala. Gu! Gu! Ine ndagwira mpando ndi manja onse awiri, ndikupemphera m'Chichewa, ndikumvetsera kutsogoloko ngati kungalire kanthu. Sikunalire kanthu. Zitsulo za m'khola zija zinagwira msewu osatekeseka. Titayenda mtunda ndithu, anaima pansi pa mtengo wa tsanya, nazimitsa injini. Tinatsika. Ine ndinayamba kunyonyomala.

"Imirira. Niyang'ane kumaso."

Ndinawayang'ana. Maso awo anali ofiira ngati munthu amene sanagone bwino masiku angapo.

"Uja ananigulitsa ni kawalala, Mulungu azamuona. Koma iwe unanikalipitsa kupambana uja. Unadziwa. Unanileka niyende na bokosi, nikapatse makanika wina amangemo. Mu motoka iyi nikanaika mkazi wanga na ana anga onse, pa msewu uno. Ulemu wako ukanatiika m'manda tonse. Wamva?"

"Ndamva, bambo. Ndinalakwa."

"Manyazi siyapha munthu. Nasekewa kale na mkazi wanga masiku yatatu, nikali moyo." Anachotsa fumbi pa bonati ndi chala. "Manje nikufunse. Namakau ni mwana wanga, mutu wake ni wouma monga wanga. Tsiku ukamuona alakwa, uzamuuza, olo uzabisa pansi pa bedi?"

"Ndidzamuuza, bambo."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo ndinaona kuti akubisa kuseka.

"Wabodza iwe. Na ine wamene nimamuopa." Anatsegula chitseko cha galimoto. "Ku Sesheke nizayenda kukawauza chabe, osati kukawafunsa. Uza Ba Muleya abwere Loweruka, tikambe va ukwati."

Ana inu, ine ndinalira. Mwamuna wamkulu, ndevu zili pachibwano, ndinalira pamsewu ngati mwana wotayika pamsika, chifukwa chimwemwe chake chinandikulira. Ba Mubita anapisa m'thumba, natulutsa mpango wawo woyera wosita bwino. Anayang'ana manja anga a girizi, anayang'ana mpangowo, naubweza m'thumba.

"Pukutani na malaya yanu, apongozi. Tiyeni, mungachedwe ku nchito."

Kuchokera pansi pa mtengo umenewo sananditchulenso kuti iwe, mpaka tsiku limene tinawaika m'manda.